Mabuleki a kumbuyo a galimoto ya alamu

Maganizo opita ku Joni anandibwerera tsiku limene ndinakhala pansi pa mtengo wa nimu pa Ngabu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osagwira njinga ngakhale imodzi. Ntchito yanga inali yokonza njinga za akabaza: kumata machubu, kuwongola malimu, kusintha masipoko. Koma anyamata anali atayamba kuthamangira njinga zamoto, ndipo otsala ndi zakapalasa anali ataphunzira kumata okha. Munda wathu wa ku Mlolo unali utakwiririka ndi mchenga chaka cha madzi osefukira, ndiye kobwerera kunalibe. Nditafika kunyumba ndinapeza mkazi wanga Marita akusenda nyika, zija timazula m'dambo chakudya chikatha. Anali ndi pakati, ndipo mwana wathu woyamba, Tereza, anali atangoyamba sukulu.

"Ine ndipita ku Joni," ndinatero.

"Pitani, bambo a Tereza. Pano mukudikira chiyani?" Sanadzutse n'komwe mutu.

Mchimwene wake wa Marita, alamu anga a Lazaro, anagulitsa mbuzi zawo ziwiri kuti ndipeze yokwerera basi. Nthawi imeneyo anali kondakitala wa minibasi. Pondiperekeza anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mukakaphunzire galimoto, alamu. Ine ndikadzagula yanga, makaniko mudzakhale inu."

Miyezi yoyambirira ku Joni ndinkatsuka galimoto pamsewu. Tinkagona amuna asanu m'chipinda chimodzi, aliyense chikwama chake kumutu. Tsiku lina ndikutsuka kagalimoto ka munthu wina wachikulire, ndinamumva akukalipa pa foni m'Chisena. Atamaliza ndinamupatsa moni wa kwathu. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti:

"Wabuluka kupi, mwananga?"

"Ku Nsanje, bambo."

Anali bambo Domingo, a ku Beira, eni galaja yaing'ono kuseri kwa sitolo ya matayala. Mawa lake ndinayamba ntchito, kusesa ndi kupereka masipanala. Patapita miyezi ingapo anayamba kundilola kusintha mapadi a mabuleki.

Galimoto imene inandiphunzitsa inali yoyera, ya mayi wina wogwira ntchito ku banki. Bambo Domingo anali atapita kukagula zida, ine n'kuti ndidziwonetse. Ndinachotsa tayala la kumbuyo, ndinamasula kalipa, chitsulo chija chimapana mapadi, n'kutenga kalampu yopanira kuti ndibweze mkati pisitoni, kachitsulo kokankha mapadi, monga ndinkachitira ndi galimoto zina. Pisitoni inakana. Ndinawonjezera mphamvu. Ndinamva kuti the, kaphokoso kakang'ono ngati kuthyoka kwa supuni ya pulasitiki.

Bambo Domingo atabwera sanakalipe. Anatsegula chitseko cha galimoto n'kundiwonetsa pakati pa mipando. Panalibe handibuleki yokoka ija. Panali kabatani basi.

"Waona? Iyi handibuleki yake ndi ya magetsi. Kumbuyo kwa kalipa kuli kamota. Ukadina batani, kamotako kamazungulira n'kukankha pisitoni. Iwe umalimbana ndi kamota kamene sikanauzidwe kuti kabwerere. Wathyola mano ake."

Mwezi umenewo ndinatumiza zochepa kunyumba, ndipo Marita ndinamunamiza kuti ndinadwala. Koma kuyambira pamenepo makalipa aja anandilowa m'magazi. Ndinaphunzira kulumikiza kakompyuta kakang'ono pansi pa chiwongolero n'kuuza galimoto kuti imasule kamota ndisanagwire chilichonse. Ndinaphunzira kuti tayala limodzi la kumbuyo likamatentha kuposa linzake, kapena padi imodzi ikamatha msanga, ndiye kuti pisitoni yagwira dzimbiri chifukwa kalabala koiteteza kang'ambika. Ndinadziwa kuti madzi akalowa papulagi ya kamota, nyali imayaka padashibodi ndipo galimoto imatha kukana kusuntha pamalo. Ngakhale batire yofooka imachititsa zomwezo, ndipo anthu ambiri amagula kalipa watsopano pomwe vuto ndi batire. Magalaja ena oyandikana nafe anayamba kutumiza galimoto zotere kwa ife. Ankangoti, "Pitani kwa Mmalawi uja."

Lero ndikamakumbukira, zaka zimenezo ndi zokhazo zimene ndinali munthu wodziwa kanthu. Koma sizinali zaka zabwino. Lamlungu anzanga akapita kukamwa, ine ndinkatsala m'chipinda kumvetsera mauthenga a mawu a Marita, omwewomwewo kangapo. Ankanena za ufa, za malungo a Tereza, za kutentha. Mwana wachiwiri, Davide, anabadwa, anakwawa, anayenda, zonse ndikuziwonera pa foni. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi. Zina zinamanga nyumba ya zipinda ziwiri ya malata. Zambiri zinadyedwa, chifukwa chaka china chinali cha ng'amba, chotsatira cha madzi, ndipo amene ankadya pakhomo panga sanali ana anga okha. Kunja ndinkayenda ndikuyang'ana m'mbuyo, mapepala anga atatha kalekale. Munthu ukhoza kukhala pakati pa anthu mamiliyoni, koma wokufunsa kuti wadzuka bwanji n'kukhala mmodzi, bwana wako.

Chaka chachisanu ndi chimodzi bambo Domingo anadwala shuga mpaka maso kuyamba kuchita mdima. Anagulitsa malo n'kuganiza zobwerera ku Beira. Wogulayo anati safuna anthu opanda mapepala. Tsiku lotsanzikana bambo Domingo anandipatsa kakompyuta kaja m'kachikwama kake.

"Pita nako kwanu. Galimoto izi zikubwera konsekonse. Udzakhala woyamba."

"Takhuta, bambo," ndinathokoza m'Chisena, ndipo mawu awo ndinawakhulupirira.

Pa Ngabu ndinafika masana, dzuwa likuswa mtengo. Davide anabisala kuseri kwa chitenje cha mayi wake, ndipo anatha sabata akunditchula kuti alendo. Ndinachita lendi kamalo m'mbali mwa msewu waukulu, ndinakhoma denga la malata anayi, n'kulemba chikwangwani chonena kuti ndimapima galimoto ndi kompyuta.

Bambo Domingo sanalakwe. Galimoto za batani zinalidi zitafika, zakale zochokera kunja, zambiri zikugwira ntchito ya matola pakati pa Nsanje ndi Blantyre. Ndipo kwathu kuno makalipa aja amavutika kuposa ku Joni. Fumbi la chilimwe limadya kalabala, kenako dzinja galimoto imawoloka madzi ofika m'mawondo pamene mitsinje yadutsa pamsewu, matope n'kulowa mkati. Anthu ankabwera ndithu. Ndinkalumikiza kakompyuta, ndinkawauza vuto, ankagwedeza mutu kuvomereza. Ndikatchula kuti kalipa wina akagulidwe ku Blantyre, ankaseka pang'ono n'kuchoka. Ndinadzazindikira kuti akachoka kwa ine ankapita kuseri kwa msika, kumene makaniko wina ankangochotsa kamota, n'kutseka paipi ya mafuta a mabuleki yopita kumbuyo ndi bawuti. Galimoto inkatsala ndi mabuleki a kutsogolo okha. Handibuleki yake inkakhala mwala umene kondakitala amayenda nawo pansi pa mpando.

Ndinkawauza madalaivala kuti ndi imfa imeneyo. Wina anandiyankha kuti, "Inde bwana, tikudziwa. Nanga lero tidya chiyani?"

A Lazaro anali atagula yawo, ya mipando isanu ndi iwiri, imene inkanyamula anthu khumi ndi katundu pamwamba. Inkadyetsa banja lawo, apongozi anga, ndipo masiku amene ine sindinapeze kanthu, inkadyetsanso ana anga. Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale anafika nayo ikununkha chitsulo chopsa. Tayala la kumbuyo kumanzere silinkagwirika kutentha. Nditamasula ndinapeza kalabala katang'ambika, pisitoni itadyeka ndi dzimbiri mpaka mafuta kuyamba kudontha, kamota katadzaza matope ouma. Mbali inayo nayo inali panjira yomweyo.

"Alamu, apa pafunika makalipa awiri. Ngakhale ogwiritsidwa kale ntchito, bola akhale abwino."

Anakhala pa tayala n'kupukuta thukuta ndi chipewa. "Matayala ndagula sabata yatha. Kunyumba mayi akudwala, mukudziwa. Tsekani paipi, ndiyende milungu iwiri yokha, ndipeze ndalama, tigule."

"Nkhabe. Ine zimenezo sindichita."

"Ndiye ndipite kuseri kwa msika? Uja amamanga mwachisawawa. Bola inu, mumanga bwino."

Ndinakana, ndipo galimoto inagona pagalaja masiku atatu. Masiku atatu amenewo kunyumba ziwiri kunalibe cholowa. Tsiku lachitatu Marita anabwera yekha pagalaja, chinthu chimene sankachita. Anaima padzuwa osalowa pamthunzi.

"Bambo a Tereza, achimwene anagulitsa mbuzi kuti inu mukaphunzire zimenezi. Lero nzeru zanuzo ndi zimene zigoneke ana ndi njala? Galimoto zonsezi zikuyenda chonchi. Yathu yokha ndiye yoopsa?"

Atachoka ndinagwira ntchito ija. Ndinabweza pisitoni, ndinachotsa timamota tonse tiwiri, ndinatseka mapaipi awiri a kumbuyo kuti galimoto isamakokere mbali imodzi. Ndinamanga bwinobwino, osadontha ngakhale dontho. Mapadi a kutsogolo ndinaikamo abwino amene ndinkasunga. A Lazaro ndinawauza kuti potsika phiri lochokera ku Blantyre aziika giya yotsika, asamapondereze buleki nthawi yaitali, ndipo pakati pa phiri aziima kuti zitsulo zizizire. Anati amva.

Milungu iwiri inakwana, inakhala mwezi, inakhala miyezi itatu. Ndikawakumbutsa ankati mwezi wamawa. Inenso ndinayamba kukumbutsa mwa apo ndi apo, chifukwa galimoto inkapita n'kubwera tsiku lililonse, ndipo mtima umazolowera.

Linali Lachinayi masana pamene dalaivala wina anaima pagalaja osazimitsa injini. Anati galimoto ya alamu yagwa pakona ina potsika phiri, cha kufupi ndi Thabwa. Inali itanyamula anthu ndi matumba a simenti. Amene anapulumuka anati utsi unayamba kutuluka kumatayala a kutsogolo, a Lazaro n'kumaponda buleki, phazi likungolowa mpaka pansi. Anati anawona dzanja lawo likudina kabatani kaja kangapo. Kabatani kaja kakanatha kugwira matayala a kumbuyo n'kuchepetsa liwiro, timamota tikanakhalapo. Koma timamotato tinali m'katoni pagalaja panga.

Mayi wina wogulitsa zovala za kaunjika anafera pomwepo. A Lazaro anamwalira m'chipatala patatha masiku awiri, osatsegula maso.

Pamaliro ndinkadikira kuti wina andiloze chala. Ndinkafuna kuti atero. Madalaivala onse a pa siteji ankadziwa amene anagwira galimoto ija, ndipo anabwera, ananyamula bokosi, anandipepesa ngati mlamu wa malemu. Abusa anati nthawi inakwana. Apongozi anga anandigwira dzanja n'kunena kuti tsopano bambo wa nyumba zonse ndine. Za mayi wa kaunjika uja palibe anatchula, ndipo mpaka lero dzina lake sindilidziwa.

Titabwerera kunyumba ndinamuuza Marita kuti achimwene ake ndinawapha ndine. Anali akupinda zovala za ana. Anasiya, n'kundiyang'ana.

"Anakupemphani ndi iwo. Ndinakukakamizani ndine. Ndiye mukufuna tigawane bwanji?" Kenako anapitiriza kupinda. Sitinaikambenso nkhaniyo.

Ku Joni ndinkaganiza kuti kwathu anthu amafa pamsewu chifukwa sadziwa. Ndinkaganiza kuti ndikabwera ndi nzeru ndi kakompyuta, zinthu zisintha. Koma pa Ngabu palibe dalaivala amene sadziwa ntchito ya mabuleki a kumbuyo. Onse amadziwa, okwera nawonso amadziwa, amawona mwala pansi pa mpando n'kukwerabe, chifukwa galimoto ina palibe ndipo ulendo ndi wofunika. Pano munthu sasankha pakati pa chabwino ndi choipa. Amasankha pakati pa njala ya lero, imene ndi yotsimikizika, ndi ngozi ya mawa, imene mwina ingagwere wina.

Tsopano pakhomo panga pamadya anthu khumi ndi mmodzi, kuphatikizapo ana anayi a malemu. Sabata yachitatu chichitikire maliro, dalaivala wina dzina lake Alufandika, mmodzi wa amene ananyamula bokosi, anafika ndi galimoto yake nyali ya handibuleki ikuyaka. Ndinagwira tayala la kumbuyo, linali lamoto. Ndinamufotokozera zonse, za pisitoni, za kamota, za makalipa a ku Blantyre. Anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza.

"Ndamva, bambo. Koma mungochita ngati mmene munachitira ya a Lazaro. Ija inayenda miyezi itatu osadontha."

Sankanyoza. Ankandiyamikira. Ndinayang'ana msewu, ndinaganiza za thumba la ufa limene linali litatsala pang'ono kunyumba, ndipo ndinamufunsa ngati mawa akukwera phiri. Anati inde, m'mamawa, anthu analipira kale malo.

Ndinamuuza kuti aike mwala kutayala la kutsogolo, ine n'kulowetsa jeke.