Nsanza za Loyce

Inu amene mwatsala ndi zochepa, imvani za a Grain.

Mu 1981, mwezi umene anaika m'manda mkazi wawo Loyce, ntchito yawo yosenda zikopa ku Vingunguti, mu Dar es Salaam, inathanso. Ng'ombe zinali zitachepa.

Patatha masabata awiri kunabwera a Kate, akulu ake a malemu, kuchokera ku Tegeta kudzagawa zovala monga mwa mwambo. Zaka zimenezo nsalu inkasowa mu Dar es Salaam. Munthu ankaima pa foleni, mzere wa kusitolo, tsiku lonse n'kubwerako chimanjamanja. Amayi amene analira kwambiri pamaliro ndi omwenso analimbirana madiresi. Wina anayesa pomwepo diresi ya ukwati, n'kufunsa ngati yamukhala.

A Grain anali pakhonde, akuonerera.

Zabwino zitatha, panatsala kamulu ka zong'ambika. A Kate anakakankha ndi phazi.

"Izi muzikolopera, alamu. Anjimile ndikumutenga. Mwana ndi wakuchikazi."

"Bambo ake alipo," anatero a Grain.

"Bambo wopanda ntchito? Bulangete lomwe mulibe, lija munakulungira mkazi wanu. Mukadzapeza chomufunditsa ndi chomudyetsa, mudzabwere."

Anjimile anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anapita akulira.

A Grain anatola nsanza zija. Sanazichape, chifukwa zinkamvekabe mafuta a kokonati amene Loyce ankadzola. Anatenga singano yosokera matumba ndi ulusi wa khonje, n'kuyamba kulumikiza nsanzazo kuti apange chofunda. Atamaliza anakoka pang'ono. Ulusi unadula nsalu yofookayo ngati mpeni. Anamasula, n'kusokanso. Inang'ambikanso.

Mayi Mwamvita, oyandikana nawo nyumba, ogulitsa mandazi, anaona zimenezi ali pa mbaula yawo.

"Shemeji, alamu anga, imeneyo ndi nsalu, si chikopa cha ng'ombe! Nsalu yakale imafuna yoichirikiza kumbuyo."

Anawapatsa matumba awiri a ufa ochapa bwino, singano yaing'ono ndi ulusi wa thonje.

"Tengani ndi mandazi awa. Mwaonda ngati singanoyo."

Zala zozolowera mpeni zinavutika. Singano inkapulumuka, inkawabaya. Masabata asanu ndi limodzi anatha asanamalize. Atayanika chofundacho pachingwe, Mayi Mwamvita anachiyang'ana nthawi yaitali, osaseka. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi malaya atatu a mwamuna wawo, amene sanabwereko ku nkhondo ya ku Uganda.

"Achibale ake akubwera Lachisanu kudzagawa zovala. Dulani lero."

Ndi momwe zinayambira. Amasiye ankabwera ndi timitolo m'khwapa, ena mobisa. Uyu ankasiya mpunga, uyu sopo. A Grain sankafunsa zambiri. Ankangoti, "Chimene ankachikonda kwambiri n'chiti?" Chimenecho ankachiika pakati. Nsalu zochepa ankasokera timapilo ndi timatumba ta Baibulo. M'kupita kwa nthawi telala wina wa ku Kariakoo anawapatsa malo pakhonde ndi makina akale opalasa.

Patatha miyezi isanu ndi inayi, anapita ku Tegeta, chofunda paphewa, mpunga m'manja.

Anapeza a Kate atavala diresi ya Loyce ya ku kwaya, itasuluka, itang'ambika m'khwapa. Anjimile anali akuchokera kotunga madzi, ndowa pamutu. Anali atawonda.

"Shikamoo," anatero mwanayo m'chilankhulo cha kumeneko, ngati akupatsa moni mlendo.

A Grain anatula mpunga. Anayala chofunda pamkeka. Mwanayo anatula ndowa, n'kugwada. Chala chake chinayenda pang'onopang'ono pachofundapo.

"Iyi ya ku tchalitchi," anatero m'Chichewa. "Iyi amayi ankandiberekera." Anaika nkhope pansalu ija, osadzukanso.

"Mwanayu wazolowera kuno," anatero a Kate. "Nanga madzi azinditungira ndani?"

"Chofunda icho. Mpunga uwo. Munanena nokha."

A Kate anayang'ana uku ndi uku, koma panalibe wowathandiza. Ali pakhomo, anagwira diresi ija n'kutsitsa mawu.

"Alamu, iyi yatsala pang'ono kutha. Ndilibe china cha mng'ono wanga. Simungandisokereko kakang'ono?"

A Grain anabereka mwana wawo ndi chofunda chomwecho.

"Muzikolopera," anatero.

Loyce sanabwerere. A Kate sanapepese mpaka imfa yawo. Madiresi abwino aja onse anatha zaka ziwiri zisanakwane. Koma Anjimile anakulira m'nyumba ya bambo ake, ndipo chofunda chija chikadali pabedi pake. Fungo la kokonati linatha kalekale. Misoko sinamasuke.

Inunso mwina akusankhirani zabwino zonse, n'kukukankhirani zotsala ndi phazi. Musadikire kuti adzachite manyazi, sadzachita. Tolani zomwezo. Zikang'ambika, masulani, musokenso. Atenge zonse, koma mtima wokha musautaye.