Makilo a m'chikwama cha Busi

M'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, Busi ankakokera sikelo pakhonde la fuleti yathu ku Joubert Park. Ankakwerapo yekha kaye, n'kutsika, n'kukweranso atanyamula chikwama chake chachikulu. Akatero ankapukusa mutu n'kukankhira sikeloyo kuseri kwa chitseko. Ine ndinkamuonera pa sinki, mwana wanga Latif ali kumbuyo.

Busi ndi mwana wa a Yakub, telala wa ku Fordsburg amene amatichititsa lendi chipinda chimodzi. Agogo ake anachoka ku Machinga nthawi ya migodi, osabwereranso. A Yakub anabadwira ku Joni konkuno, Busi chimodzimodzi. Chichewa amamva, koma poyankha chimatuluka chosakanikirana ndi Chizulu. Ku koleji amaphunzira za madzi, ndipo chaka chino anamusankha kukaphunzira ntchito miyezi itatu ku Balaka, kwa anthu okumba mijigo. Kalata inati abwere ndi jombo zachitsulo kutsogolo, chipewa cholimba ndi ovolosi, apo ayi sakamulola kufika pamakina. A ndege nawo anati chikwama chisapitirire makilo 23.

Nkhani itangomveka kuti mwana wa a Yakub akupita kumudzi, anthu anayamba kugogoda. Wina bulangete, wina mapoto, wina sopo wa mipiringidzo. A Mbaraka a pansi pathu anabweretsa wailesi ya galimoto. A Yakub sankakana. Anthu amawanena kuti si Mmalawi weniweni, ndiye aliyense wobwera ankamulandira ndi manja awiri, amvekere zikafika, zikafika ndithu. Sikelo inafika pa 31, jombo zisanalowe.

Inenso ndinali ndi kanthu kanga. Ndinasiya mwana wamkazi, Asiyatu, kwa amayi ku Ulongwe, ali ndi zaka zitatu. Pano akuyamba sitandade wani. Amayi anamuyeza phazi ndi ulusi n'kupatsira munthu wa basi, ine n'kukagula nsapato zakuda za sukulu, kuyeza ndi ulusi womwewo. Ndinaziika pansi pa matiresi. Kawiri konse ndinafika nazo pachitseko cha Busi, n'kubwerera nditaona mulu wa katundu wa anthu.

Kutatsala masiku atatu, Busi anakhuthula chikwama chonse pabedi. Bambo ake anamuuza kuti akabweza katundu wa anthu awachititsa manyazi mpaka ku mzikiti. Iye anayankha mwaulemu kuti akupita kukagwira ntchito, si transipota, ndipo amene akufuna mapoto ake afike apite nawo ku Park Station kuli mabasi. Tsiku lonse anayenda khomo ndi khomo, kugwada pang'ono monga ndinamuphunzitsira, n'kubweza. A Mbaraka anati ana obadwira ku Joni mitima yawo ndi ya simenti. Busi anabwerako maso ali ofiira, koma sanasiye mpaka bulangete lomaliza.

Nditaona zimenezo ndinangoti basi, nsapato zidikire Disembala, ngakhale ndinkadziwa kuti pofika nthawiyo phazi lidzakhala litakula.

Tsiku la ulendo, nthawi ya kadzutsa, Busi anatuluka m'chipinda atavala jombo zija, ovolosi, ndi jekete pamwamba, kunja kukutentha. Chipewa anachimangirira pa kachikwama ka kumsana. A Yakub anamuyang'ana n'kuseka koyamba sabata imeneyo.

"Ukupita ku eyapoti kapena ukutsika mu mgodi ngati agogo ako?"

"Ababa, zovala m'thupi sayeza," anatero Busi.

Anakwera pa sikelo, n'kutsika, n'kukweranso ndi chikwama. Chinali pa 22. Ndinaganiza kuti aikamo mabuku ake awiri amene anatsala patebulo. M'malo mwake anabwera pa sinki pamene ndinkatsuka makapu, n'kuima pafupi kuti bambo ake asamve.

Anati Latif anatulutsa nsapato ina sabata yatha ine ndili kosamba, ankaikoka pakhonde ndi chingwe chake, ndipo Busiyo ndi amene anaibwezera pansi pa matiresi. Ndinaika kapu pansi.

"Mayi a Latif, kilo imodzi ndasunga," anatero. "Tengani nsapato zija. Mundipatsenso ulusi uja, ndikamuyeze Asiyatu ndekha pobwera."