A Mita ndi Galu wa pa Geti Lobiriwira

Bambo anga ankawerenga mamita a madzi, ndipo anthu ankangowatchula kuti a Mita. Ntchito yawo inali yolowa m'mipanda ya anthu, kugwada, kutukula chivundikiro ndi kachitsulo kopindika, kupukuta galasi ndi chala, n'kulemba. Asanalowe ankagogoda geti ndi kachitsuloko kuti eni nyumba amange agalu. Ambiri ankamangadi.

Bwana wa pa geti lobiriwira, mwini sitolo ya matayala, sankamanga wake. Akamva kugogodako ankatuluka pakhonde ndi kapu ya tiyi kudzaonerera, chigalu chake chakuda chikupitikitsa bambo kuzungulira mpope.

"Musaope a Mita," ankatero uku akuseka. "Saluma ameneyo, akungosewera!"

Tsiku lina kusewerako kunazomola mnofu pa katumba wa bambo. Amene ankatsuka balalo ndine, ndipo bwana ameneyo ndinamuda ndi mtima wanga wonse.

Atapuma pa ntchito, bambo anafota tikuona. Mayi anali atatisiya kale. Miyendo yozolowera kuyenda ija inatupa, magazi anayamba kuthamanga, iwo n'kumangokhala pa mpando wapulasitiki maso ali kukhoma, wailesi ikudzilankhulira yokha. Adokotala atawauza kuti aziyenda, anayankha kuti, "Ndizipita kuti? Mamita anapatsa ena."

M'mawa wina tikuchokera kuchipatala tinapeza galu pa dzala la kuseri kwa msika, nthiti zili pamtunda, mphere thupi lonse, kukamwa kutachita imvi. Tonse tinamuzindikira. Bwana uja anali ataika waya wamagetsi pampanda, galu n'kumutaya ngati tayala lakutha. Ine ndinatola mwala, koma bambo anandigwira dzanja.

"Msiye mwanawe. Nayenso amupumitsa ntchito."

Anamutcha Chipsera. Ankamusambitsa, kumupaka mankhwala, ndipo nthawi ya chakudya ikakwana ankagogoda mbale yake ndi kachitsulo kaja. Galu akachira amafuna kuyenda, ndiye m'mawa uliwonse awiriwo ankatsata njira yakale ya mamita. Miyendo inaphwa. Bambo anayambiranso kutikalipira za mpope wodontha, ife n'kudziwa kuti mkulu wachira. Koma musaganize kuti anali atakhululuka. Njira zinalipo zambiri, iwo ankasankha ya pa geti lobiriwira, ndipo akafika pamenepo ankayenda mwachifatse kuti ubweya wa galuyo uoneke kuwala kwake.

Nthawiyi n'kuti bwana zitamutembenukira. Sitolo inatsekedwa, mkazi anachoka, ana sankabwera. Ankakhala pageti yekhayekha, ndodo ili pamiyendo. Tsiku lina ine ndili nawo, anatiimitsa.

"A Mita, galuyo ndi wanga. Nyumba yandikulira, ndilibe wolankhula naye. Mundibwezere."

M'maganizo mwanga ndinaona mpando wapulasitiki uja ukuwadikira bambo. Ndinkafuna kumulalatira mpaka msewu wonse umve, koma bambo anawerama n'kumasula tcheni.

"Muitaneni bwana. Akakhala, ndi wanu."

Bwana anaimba mluzu, n'kumuitana ndi dzina lakale. Chipsera anaimika makutu, n'kulowa pageti, kununkhiza khonde limene anakulira. Ine misozi inalengeza. Bwana anamugwira lamba wa m'khosi, akumwetulira ngati wawina mlandu.

Apo bambo anatulutsa kachitsulo m'thumba n'kugogoda geti, kugogoda komwe kuja kumene kale kunkawabweretsera mano. Kwa Chipsera tsopano kunkatanthauza mbale ndi mwini mbale. Anatembenuka, bwana n'kukoka lamba. Galu anadzuma, n'kuonetsa mano otsalawo, n'kung'amba thalauza kuyambira pa bondo. Bwana anagwa chokhala pa chivundikiro cha mita, ndodo uko, akukuwa ngati wapsa ndi madzi otentha.

Khungu silinakhudzidwe n'komwe, ndipo kunena zoona zimenezo zinandikhumudwitsa pang'ono. Bambo anamanga tcheni mosapupuluma, n'kuvula chipewa mwaulemu monga ankachitira pa ntchito.

"Musaope bwana," anatero. "Saluma ameneyu, akungosewera."

Ndinaseka mpaka kugwira khoma, ndipo chisoni sichinandifike. M'mawa mwake tinadutsanso pomwepo, mwachifatse.