Mpando wa Pawindo

Achemwali anga akhala akusita malaya a amuna awo chikwatiwireni. Alamuwo anali dalaivala pakampani yotenga alendo kukaona nyama zakutchire, ndipo malaya awo ankayenera kuoneka ngati sanavalidwepo. Chaka china kampaniyo inayamba kulandira alendo olankhula Chisipanishi. Abwana anauza madalaivala kuti aliyense adziwe mayina a nyama m'chilankhulocho, apo ayi azingonyamula zikwama.

Mutu wa alamu sunkagwira. Ankamvera mawuwo pafoni, kukacha aiwala. Ndiye achemwali anadula zithunzi pakalendala yakale ya kampaniyo n'kuzimata pakhoma, pamwamba pa tebulo lositirapo. Dzanja lili pasimbi, ankawafunsa.

"Njovu?"

"Elefante."

"Mbidzi?"

"Cebra."

"Nanga mvuu?"

Alamu ankakanda m'mutu.

"Hipopótamo, bambo. Mukuiwala bwanji mnzanu? Mukakhuta mumagona chimodzimodzi."

"Iwe, sita malaya, usandiwotchere kolala."

M'chipinda china munkagona apongozi a achemwali, mayi a alamu, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Achemwali ndiwo ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi supuni, kuchapa nsalu zogonera. Pakhomopo palibe ankazitcha ntchito. Mlendo akafunsa ntchito ya achemwali, alamu ankati, "Mayiwa amangokhala."

Alamu anakhoza, anakhalabe pachiwongolero. Achemwali nawonso mayina aja anawakhazikika m'mutu, ngakhale nyamazo anali asanazionepo ndi maso. Imene inawatenga mtima ndi kadyamsonga, jirafa. Alamu anawauza kuti ikamamwa madzi imatangadza miyendo yakutsogolo, chifukwa khosi lonselo silifika pansi.

"Bodza limenelo," anatero achemwali.

"Udzaona wekha."

Tsiku lina mlendo mmodzi anasintha maganizo, mpando wa pawindo n'kutsala wopanda munthu. Abwana analola kuti alamu atenge akazi awo. Chinatsala n'chakuti wina akhale ndi odwala mpaka madzulo. Ine ndinkakhala kutali, nkhaniyi ndinaimva itatha. Mlongo wa alamu analonjeza kuti abwera.

Achemwali analawirira. Anasambitsa apongozi, anaphika chakudya n'kuchivundikira, anaika mankhwala m'kambale. Kenaka anavala nsapato zathyathyathya zimene anabwereka kwa mayi woyandikana nawo nyumba, n'kukhala pampando pafupi ndi chitseko. Galimoto inafika, inaliza hutala. Foni inalira. Anali mlongo uja: kuntchito amukaniza.

"Tingowatsekera, tibwera msanga," alamu anatero, koma maso ali kumbali.

Apongozi anaitana m'chipinda muja, akufuna kutembenuzidwa. Achemwali anavula nsapato.

"Pitani, alendo akudikira."

"Ulendo wina, mayi."

Ulendo winawo sunapezeke. Mipando inkadzaza, kenaka maso a alamu anayamba kuchita nkhungu, kampani inawapumitsa. Pamene apongozi ankamwalira, pakhomopo panalibenso woyendetsa galimoto.

Mwezi watha ndinapita kukawaona. Ndinawapeza akusita malaya a sukulu a mdzukulu wawo. Zithunzi zija zikadali pakhoma, zapindika m'makona ndi nthunzi, ndipo mbidzi yasuluka mpaka mizere sikuoneka.

"Bwanji osazimatula, achemwali?"

"Zikubisa ming'alu."

Anatembenuza kolala, n'kuloza kadyamsonga ndi chibwano.

"Iwe unayendako. Zoti imatangadza miyendo ikamamwa madzi, n'zoona?"

Ndinati sindikudziwa.

"Bambowa amakokomeza nkhani," anatero, n'kutenga malaya ena.