Chomera chimene tinazula polandira alendo

Lachiwiri lapitali, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinafika pa kadziwe kena pamwamba pa phiri la Zomba n'kupeza madzi ali mbee, ngati a m'beseni.

Kadziwe kameneka ndimakayendera chifukwa cha chomera chimodzi. Chimamera pansi pa madzi, mizu m'matope, masamba aatali opyapyala. Ndinachidziwa kale, ndikugwira ntchito yotola ndi kuumitsa zomera pamodzi ndi akatswiri. Iwo ankati n'chosowa. Chimafuna madzi ozizira, oyera, osathamanga. Ndinkachiona malo atatu. Ena anakwiririka ndi matope anthu atadula mitengo kumtunda. Ena anauma. Panatsala pamenepa pokha.

Pamtunda panali mulu wobiriwira, ukudontha madzi. Pambali pake anaima Che Saidi, kapitawo wa aganyu, atapinda buluku mpaka m'mawondo.

"Mwaiona ntchito, achimwene? Alendo akubwera Loweruka. Abwana anati pasaoneke tchire."

"Mwazula zonse?"

"Mpaka mizu! Ife sitigwira ntchito yachinyengo."

Ndinawafotokozera za chomeracho. Anamvetsera mwaulemu, kenako anafunsa, "Chimadyedwa?"

"Ayi."

"Ndi mankhwala?"

"Sindikudziwa."

"Nanga dzina lake?"

"Lilipo la m'mabuku lokha."

Anaseka. "Ndiye a m'mabukuwo abwere adzalire maliro awo. Inu mukuvutikiranji?"

Ndinakhala pamwala.

Awerengi, Che Saidi sindikuwada. Anachita zimene tonse tinaphunzitsidwa. Kodi si ife tinakula tikusesa bwalo mpaka dothi lokhalokha? Kusukulu ukachedwa, chilango chinali chikwakwa. Kukamabwera alendo timapaka miyala laimu, n'kuzula chilichonse chimene sitinadzale tokha. Kwa ife chodzimerera chokha ndi umve.

Mitengo ili nawo oilankhulira. Chaka ndi chaka timadzala mbande, kujambulitsa, kuwomba m'manja. Nanga za pansi pa madzi? Chosadyedwa, chosagulitsika pamsika, chopanda dzina la kwathu, angachiimire ndani? Komatu m'masamba amenewo ndi mmene mumabisala ana a achule ndi tinsomba, ndipo mizu yake ndi imene imagwira matope. Madzi amene mumatunga pampopi ku Chinamwali ndi ku Matawale amachokera kuphiri komweko.

Koma mlandu waukulu ndi wanga. Zaka zonsezi ndinkabwera, kusuzumira, n'kubwerera kunyumba chete. Sindinauzepo ngakhale mlonda wa paphiripo. Ndinkaganiza kuti kubisa ndiko kusamala. Che Saidi akanadziwa bwanji?

Madzi akatayika saoleka. Ndatopa nawo mwambi umenewu, chifukwa timaukumbukira madziwo atatayika kale.

Ndinafukula muluwo. Pansi, pomwe dzuwa linali lisanafike, ndinapeza tinthambi tisanu tili ndi mizu. Ndinatikulunga m'shati yonyowa. Kunyumba ndinatiika mu ndowa yosambira. Akazi anga anasuzumiramo, anandiyang'ana, n'kukasambira beseni.

M'mawa mwake ndinakweranso phiri, nditanyamula tinthambi tija. Ndinavula nsapato, ndinalowa m'madzi ozizira aja n'kukwirira mizu m'matope, kuseri kwa mwala. Ngati tinthambito tigwire, sindikudziwa.

Nditatuluka sindinapite kunyumba. Ndinakafuna Che Saidi, ndinawatenga mpaka padziwe, ndinawalozera.

"Izi ndadzala ndine," ndinatero.

"Aa, ngati n'zodzala," anayankha, "palibe adzazikhudze."