Nkhope Yanga Inakulunga Kapenta

Ndinaganiza zochoka tsiku limene mlamu wanga Akimu anandiuza kuti mwana wanga si wanga.

Mwanayo ndi Velonika, chitsiriza wathu. Anali atakhoza giredi 12, ndipo ankafuna kozi ya kompyuta pa koleji ina ku Chipata. Anandifotokozera kuti kumeneko amaphunzitsa mmene makinawo amagwirira ntchito, kulemba makalata a mu ofesi, kuwerengera zinthu pa matebulo, ndi kuyala mawu ndi zithunzi patsamba. Ine ndinalekera giredi 5. Sindinamve zonse. Chimene ndinamva n'chakuti munthu akamaliza amagwira ntchito atakhala pampando, osati atawerama m'munda wa thonje.

Tinali pakhonde la nyumba yanga, m'mudzi wa mkazi wanga Nabanda ku Kasenengwa. Kwathu ndi cha ku Tamanda. Ku Kasenengwa ndinali mkamwini. Njerwa za nyumbayo ndinaumba ndekha, malata ndinagula ndekha, koma dothi linali la akuchikazi, ndipo sankalola kuti ndiiwale.

Akimu anati, "Alamu, thonje chaka chino silinachite bwino. Za makompyutazo ndalama zichokera kuti? Mwanayu akwatiwe. Pali mnyamata wa ngolo akumufuna."

Ndinati, "Mwana wanga aphunzira."

Anaseka. "Wanu? Ana ndi a mbumba yathu, alamu. Inu munangobwera kudzatithandiza."

Ndinagulitsa nkhumba, ndinalipira temu yoyamba, ndinapezera mwana chipinda ku Kapata, m'tauni ya Chipata, kwa mayi wina wa mpingo wathu. Kenako ndinakwera basi yopita ku Mkushi, kumene ndinamva kuti mafamu a fodya amalemba anthu osafunsa zaka. Ndinkafuna kudzabwerera m'mudzi muja monga bambo amene waphunzitsa mwana, kuti Akimu adzandipatse mpando, osati mphasa. Pa siteshoni Velonika anandijambula ndi foni yake nditavala jekete. Sindinaseke. Sindiseka pa chithunzi.

Ku famu anandiika ku mabani otenthera fodya. Ntchito yanga inali kusenza nkhuni ndi kusonkheza moto. Anyamata kumeneko ankalankhula Chibemba. Ankanditcha shikulu, ndiye kuti agogo, ndipo ndikadutsa ndi chipika paphewa ankatsanzira mayendedwe anga. Kapitawo anali wamsinkhu wa mwana wanga woyamba. Ankandiitana ndi mluzu. Ndinkapita.

Ndinkagona m'chipinda cha anthu ambiri, koma ndinkadya ndekha. Lamulungu anthu ena ankapita ku mowa. Ine ndinkachapa zovala, kuziyanika pa waya, n'kukhala pansi kudikira kuti ziume. Panali masabata amene sindinalankhule Chinyanja ndi munthu. Tsiku lina ndinadzipeza ndikulankhula ndi galu wa kapitawo. Ndinasiya pomwepo.

Foni sinkagwira pa famupo. Pankafunika kukwera chulu chachitali kuseri kwa mabani. Choncho yanga inkakhala yozima m'thumba la pulasitiki mpaka mwezi utatha. Ndikalandira, ndinkatumiza pafupifupi zonse kwa Velonika, ndinkakwera chulu, n'kufunsa zinthu zitatu: ndalama zafika, sukulu ikuyenda, amayi ako ali bwanji. Nabanda analibe foni. Masiku ano anthu ena amandiuza kuti ndikanamaimba kawirikawiri. Ine sindinapite ku Mkushi kukacheza pa foni.

Poyamba mwanayo ankalankhula zambiri. "Atate, lero ndalemba osayang'ana zala!" Tsiku lina anati aphunzira kuti ukalakwitsa pa kompyuta umangodina pamodzi, cholakwacho chimabwerera m'mbuyo ngati sichinachitike. Ndinati ndi zabwino, usawononge mayunitsi. Chaka chachiwiri chili mkati mawu ake anasintha. Ankangoti, "Zafika, atate. Ikuyenda. Ali bwino." Ndinaganiza kuti wayamba kukula.

Tsopano ndikhala ku Kapata, m'chipinda chimodzi cha lendi, ndipo ndimasoka nsapato pafupi ndi msika. Zimene zinachitika kumudzi ndili ku Mkushi ndinazimva pambuyo, chidutswa kwa uyu chidutswa kwa uyo. Ndizilemba mwadongosolo, osati mmene zinandipezera.

Mphunzitsi wa Velonika anapatsa kalasi yonse ntchito yoti aliyense akonze pulogalamu ya maliro, ija amagawa kutchalitchi, yopinda pakati, ya chithunzi kutsogolo. Anati ndi ntchito imene imadyetsa anthu a m'mashopu opulintira, choncho aidziwe bwino. Anzake anatenga zithunzi za anthu osawadziwa. Velonika anali ndi chithunzi chimodzi chokha cha munthu wachikulire wovala jekete. Anaika chimenecho. Anaikanso dzina langa lonse ndi chaka changa chobadwa, pakuti ndi zimene ankadziwa pamtima. Tsiku lomwalira anangopeka. Anakapulinta pa shopu ina ku Kapata. Pepala loyamba linatuluka lopindika, analisiya pomwepo. Lachiwiri anapereka kwa mphunzitsi, ndipo anapeza mamakisi apamwamba kalasi yonse.

Mapepala otayidwa a pa shopupo amatengedwa ndi amayi a mumsika. Mayi wina wa m'mudzi wa mkazi wanga, Nazulu, anabwera ku Chipata kudzagulitsa nsawawa. Pobwerera anagula kapenta. Atafika kunyumba n'kumasula, anapeza nkhope yanga pansi pa nsombazo, mtanda pamwamba, dzina langa m'munsi. Linali tsamba lakutsogolo lokha. Anatuluka akulira nalo m'manja.

Anayesa foni yanga, inali yozima. Anagwirizana kuti ndafera ku famu ndipo andikwirira komweko. Wina anati afunse Velonika. Akimu anakana. Anati mwana ali pafupi ndi mayeso, asasokonezedwe, auzidwa mwambo ukatha. Anapha mbuzi yanga. Akatekisiti anapemphera. Nabanda anameta. Anatumiza uthenga ku Tamanda, ndipo mwana wa mlongo wanga, Dalitso, anabwera msanga kuposa mmene anabwererapo ndikudwala. Anatenga njinga, pulawo ndi wailesi, monga mwambo umanenera. Atamaliza zonse m'pamene anaitana Velonika.

Mwanayo anafika, anaona pepalalo, anagwa pansi. Ananena zoona pamaso pa onse. Anthu amene anagona pa maliro anayamba kuseka. Kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse unkadziwa kuti ndili moyo. Panalibe amene anandiuza. Ndinasenzabe nkhuni nyengo ina yonse ya fodya.

Ndinabwerera mwana atalandira satifiketi. Anali atandiuza pa foni, mawu ali pansi, kuti wapeza ntchito pa shopu yopulintira. Anati ndikafika ku Chipata ndiyambe ndamuona. Ndinati mwamuna amayamba kufika pakhomo pake. Ndinagula chitenje cha Nabanda ndi shuga, ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Kasenengwa. Dzuwa linali pamutu.

Pa golosale ya pamphambano panali anyamata akusewera nsolo. Mmodzi anakweza mutu n'kufuula, "Ee, malemu afika!" Onse anaseka. Wina anati, "Kumwamba kulibe ntchito, madala?" Ndinaganiza kuti ndi mowa. Ndinadutsa.

Pakhomo panga panali nsalu yachilendo. Pakhonde mtsikana wapakati ankasenda nsawawa. Sanaimirire.

"Mukufuna ndani?"

"Ino ndi nyumba yanga."

Anandiyang'ana bwinobwino. "Oho. Ndinu aja a papepala."

Anali mkazi wa mwana wa Akimu. Anawalowetsa m'nyumbamo atangokwatirana. Dimba langa la kudambo ankalima ndi iwo omwe.

Akimu ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango kwake. Anaitanitsa mphasa. Sindinakhale. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepalalo. Analisunga mosamala. Linali ndi mafuta a nsomba pachipumi panga. Ndinawerenga dzina langa, ndinawerenga tsiku limene ndinafa. Iye anandifotokozera zonse mofatsa, ngati akunena za mvula.

Ndinati, "Munadziwa kuti ndili moyo."

"Tinadziwa, alamu. Koma zinthu zinali zitachitika kale. Mbuzi inadyedwa. Anthu anagona panja. Mlongo wanga anameta. Tikanatani?"

"Nyumba yanga?"

"Nyumba yopanda mwamuna imagwa. Anawa akuisamala." Anapinda pepalalo. "Ndipo walemba zimenezi si ine. Ndi mwana wanu uja, wa sukulu yanu ija. Mmene munkanena kuti ndi wanu, ine ndavomera tsopano. Ndi wanu ndithu."

Sindinamumenye. Sindinamenyepo munthu m'mudzi wa eni.

Nabanda ankakhala kwa mng'ono wake. Ndinamupeza akupeta chimanga. Tsitsi linali litamera, loyera kuposa kale. Anagwada, anandipatsa moni ngati mlendo wochokera ku boma. Ndinaika chitenje ndi shuga pansi. Sanazikhudze.

Ndinati, "Nabanda, tiyeni kunyumba. Anawo atuluke."

Anati, "Aphiri, ine ndinakulirani mpaka mawu anatha. Ndinagubuduka pafumbi apo, anthu onse akuona. Kenako chaka chonse akhala akundiseka. Kuchitsime amanditcha mkazi wa kapenta. Ana amaimba nyimbo."

"Ine ndalakwa chiyani?"

"Simunalakwe. Koma ndikakuonani ndimaona tsiku lija. Ndazolowera kuno." Anatola lichero. "Ndipo mukadzafa zenizeni, ndidzalira bwanji? Adzati ndayambanso sewero."

Ndinafunsa ngati sanaganizepo zonditumizira mawu. Anati Akimu ananena kuti ndikamva ndisiya ntchito n'kubwera ndi ukali, mwana n'kulephera sukulu. Anati iyenso anaona kuti ndi nzeru.

Sindinagone m'mudzimo. Ndinapita ku Tamanda. Dalitso anali atagulitsa njinga ndi pulawo. Anandilandira pabwalo, anandipatsa madzi, ananena kuti munda wa amayi anga anaugawana kalekale, ndipo munthu amene anakhala moyo wake wonse kuchikamwini sangabwere kudzayamba kufunsa malire lero. Wailesi yanga inkaimba m'nyumba mwake tikulankhula. Sanaichepetse.

M'mawa mwake ndinapita ku Kapata. Shopu ya Velonika ndi kachipinda kopapatiza, makina awiri ndi benchi. Pakhoma anamata zitsanzo za ntchito yawo: makadi a ukwati, ziphaso za ubatizo, ndi nkhope zambiri za anthu akufa. Pa benchi panali amayi awiri ovala zakuda akudikira mapepala awo. Mwana wanga anali pampando, zala zikuthamanga, maso ali pa galasi. Ndinaima pakhomo kumuyang'ana. Amaidziwa ntchito. Zimenezo sindingamulande.

Atandiona anagwada pa simenti, makasitomala akuona.

"Atate, ndinkaopa. Mwezi uliwonse ndinkati ndinena, mukafunsa mafunso anu aja mawu ankandithawa."

"Dzuka. Anthu akudikira."

Anamaliza za amayiwo akulira. Iwo ankaganiza kuti akulirira maliro awo, mmodzi mpaka anamusisita pamsana. Atatuluka ndinati andionetse pepala la maliro anga lija pa kompyuta. Anati sakufuna. Ndinati andionetse. Anatsegula. Zonse zinalimo, zoyera, zopanda mafuta a nsomba. Ndinaona masamba amene mudzi sunaone: nyimbo zolowera, mawerengo, mbiri yanga. Analemba kuti ndinali munthu wolimbikira ntchito, wosakonda mawu ambiri, wokonda ana ake. Sananame.

Anati, "Ndifafaniza pompano, atate. Muone ndi maso anu."

"Usafafanize."

"Atate?"

"Ndinalipira kuti uphunzire zimenezi. Wachita bwino. Lisunge. Likadzafika tsiku udzangosintha deti. Usadzapulinte ambiri, kumudzi analira kale."

Anabisa nkhope m'manja. Ndinamuuza kuti apite patsamba lomaliza. Pansi pake panalembedwa kuti mwambo woika m'manda udzachitikira m'mudzi wa amayi ake ku Kasenengwa.

"Chotsa apo."

Anadina, mawuwo anatha limodzilimodzi. Panatsala kamzere kakuda kakuphethira.

"Ndilembe ku Tamanda?"

"Ayi."

Anadikira, zala zili pamwamba pa mabatani. Panja wina anali atayamba kugogoda, akufuna kupulinta. Mwanayo anafunsanso chapansipansi, "Nanga ndilembe kuti, atate?"



"Siya choncho," ndinatero. "Tsegulira kasitomala."