Mbatatesi Zopanda Ogula

Chaka changa choyamba ku yunivesite ku Maputo ndinaphunzira ekonomiya magawo awiri: laling'ono, la ogula ndi ogulitsa pamsika, ndi lalikulu, la chuma cha dziko lonse. Lalikululo tinkangoloweza, poti dziko lenilenilo linali pankhondo. Laling'onolo ndinkalikonda. Aphunzitsi athu ankati chakudya chikasowa mtengo umakwera, ndipo amene watsitsa mtengo katundu wake sachedwa kutha.

Patchuthi ndinabwerera kwathu ku Lichinga pandege, chifukwa misewu sinkayendeka. Mumsika munali matebulo okhaokha. Koma kumapeto, pafupi ndi mitengo ya paini, pankakhala mayi wina wofunda nsalu ya kapulana mpaka kumutu, ali ndi thumba la mbatatesi zikuluzikulu. Ankagulitsa motchipa. Anthu anjala ankamulambalala, maso kumbali.

Ndinamuonerera masiku angapo m'nkhungu ya m'mawa. Zinkatsutsana ndi zonse zimene ndinaphunzira, choncho ndinamuyandikira.

"Mayi, zachokera kuti zimenezi?"

"Ku Chimbonila."

"Msewu wa uko anthu akuyenda?"

"Ine ndimayenda."

M'zikhadabo mwake munali dothi lofiira lonyowa, koma mapazi ake analibe fumbi. Ndinati ndigule pang'ono. Iye anandikankhira thumba lonse osandiyang'ana kumaso.

Nditafika kunyumba kwathu ku Namacula, amayi anaima pakhomo ndi kunditchingira.

"Wagula kwa uja wa kumapaini?"

"Inde. Zotchipa."

"Eni minda imeneyo sanathawe onse, mwanangu. Ena ali mommo, m'mizere."

"Nanga amakumba ndani?"

Iwo anangoti thumbalo likhale panja.

Pakhomo pathu pankakhala amalume, mlongo wa amayi, amene anathawa okha kuchokera ku Chimbonila mudzi wawo utawotchedwa. Chibwerereni sankalankhula, ankangokhala padzuwa kuseri kwa nyumba. Tsiku limenelo anadzuka, kubwera pathumba paja ndi kugwada. Sanagwire mbatatesi. Anasisita chigamba cha nsalu yamaluwa chimene chinasokedwa pakona.

"Anasoka ndi akazi anga," anatero.

Ndinathamangira kumsika kuti ndikafunse mayi uja kumene anatenga thumbalo. Pamalo pake panalibe munthu. Wogulitsa mchere amene ankakhala moyandikana naye anati sadziwa amene ndikunena, n'kuyamba kulongedza mchere wake.

Pobwerera ndinapeza amalume atasonkha moto pabwalo, dzuwa lili paliwombo. Anaphika mbatatesi zija zosasenda, zopanda mchere. Amayi anatitsekera m'nyumba ine ndi abale anga, ife tikusuzumira pazenera. Amalume anadya pang'onopang'ono atayang'ana kum'mawa, ndipo pa iliyonse ankanyema kachidutswa ndi kuika pansi pambali pawo, ngati pali wina amene akudya naye.

Atamaliza anapinda thumba, kulikwapatira, ndi kutsanzika amayi pazenera mwaulemu, ngati mlendo. Kenaka anatuluka pampanda kulowera njira ya ku Chimbonila. Tinawafunafuna mpaka tchuthi changa chinatha.